M'mera Mpoyamba: Zimene Kuluka Rekitango Kumaphunzitsa M'sukulu za Kunyanja

Pa maphunziro onse amene timakonzekeretsa ophunzira athu kuti akaphunzitse m'sukulu za pulaimale, palibe limene limapeputsidwa msanga monga la ntchito zamanja. Mphunzitsi akatsalira m'mbuyo pa Masamu kapena pa Chingerezi, nthaŵi yobwezera amaitapa pa ntchito zamanja. Kukamabwera alendo pa sukulu, ana amasesa bwalo pa nthaŵi ya ntchito zamanja. Ndipo pamene phunziroli lachitikadi, kaŵirikaŵiri limakhala la choko ndi bolodi: mphunzitsi alemba maina a zipangizo, ana akopera m'makope mwawo, belu lilira, chonsecho palibe dzanja limene lakhudza ulusi. Takhala tikuziona zimenezi poyendera ophunzira athu amene akuyesera kuphunzitsa m'boma la Mangochi, m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ku magombe a ku Monkey Bay, ndi ku mapiri a ku Namwera komwe. M'nkhani ino tifuna kuikira kumbuyo phunziro limeneli, ndipo mboni yathu ndi kanthu kochepa: kansalu koluka ndi ngoŵe, kangodya zinayi, kotalika mbali ziŵiri, kamene pa Masamu timati rekitango. Chimene tikunena n'chakuti mwana sangaluke kansaluka bwino popanda kuganiza, ndiponso kuti kuganiza kwake n'komwe kuja timakufunafuna pa phunziro la Masamu, ife osakupeza.

Kumene malukidweŵa adachokera

Luso loluka ndi singano imodzi yokhala ndi ngoŵe kunsonga Azungu amalitcha crochet, liwu la Chifalansa lotanthauza ngoŵe yaing'ono. Malangizo ake oyamba kusindikizidwa ndi dzina limeneli adatuluka mu 1823 m'magazini ya ku Holland yotchedwa Penélopé. Njala yaikulu itagwa ku Ireland kuyambira mu 1845, amayi ndi ana ambiri adaphunzitsidwa kuluka kotere kuti azigulitsa zoluka zawo ndi kupeza chakudya. Kansalu kofanana mbali zonse zinayi kamene amakatcha granny square, ndiko kunena kuti sikweya ya agogo, kadaoneka mu 1885 m'nyuzipepala ya alimi ya ku America yotchedwa Prairie Farmer, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kadatchuka kwambiri m'maiko a Azungu, mwakuti ankalukira zovala ndi mabulangete. Dzina la agogoli n'loyenera, pakuti iyi ndi ntchito ya munthu wosataya kanthu. Tizidutswa ta ulusi totsala pa ntchito zina, tofiira, tobiriŵira, tachikasu, tonse timapeza malo, mzere uliwonse ndi mtundu wake. Rekitango ya agogo ndi mng'ono wake wa sikweyayo: malukidwe ndi amodzi, kusiyana kuli pa chiyambi pokha.

Kuno kwathu ntchito za singano zidafika ndi amishoni, ndipo zidafalikira kudzera m'sukulu zawo za atsikana ndi m'magulu a amayi a m'mipingo. Pa sukulu ya Jeanes imene idatsegulidwa ku Domasi mu 1929, akazi a aphunzitsi ankaphunzira kusoka, kulera ana ndi kusamala pakhomo, kuti pobwerera kumudzi akaphunzitse anzawo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, phunziro la Needlecraft lidakhalabe la atsikana. Silabasi imene idayamba kuloŵa m'sukulu mu 2007 ndiyo idasonkhanitsa ntchito zamanja, nyimbo, magule ndi maseŵera olimbitsa thupi m'phunziro limodzi la Expressive Arts, la anyamata ndi atsikana omwe. Ambiri a ife amene tikuphunzitsa m'makoleji tidayamba sukulu m'zaka zoyandikana ndi 1994, pamene maphunziro a pulaimale adasanduka aulere ndipo chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Tidaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo singano ndi ulusi sizikadatikwanira. Amene tidadziŵa kuluka tidadziŵira pakhonde, kwa amayi athu ndi azakhali, ndipo tidakula tikuyesa kuti lusoli ndi lapakhomo, lopanda chibale ndi buku. Maganizo ameneŵa ndi amene ophunzira athu amabwera nawo ku koleji, ndipo ndi amene tiyenera kuyamba kuwagwetsa.

Tisaiŵalenso kuti anthu a kunyanja sadayembekezere mlendo kuti awaphunzitse kuluka. Aliyense woyenda pa mseu wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay amaona mikeka, madengu ndi zipeŵa za mlaza zili ndanda m'mbali mwa njira. Mono wogwirira nsomba ngwoluka. Ukonde ngwoluka, ndipo msodzi woukonza amaŵerenga maso ake mosaphonya, podziŵa kuti diso limodzi likasoŵa pamzere, chigamba chonse chipendekeka. Tsono mwana wa kugombe amabwera m'kalasi maso ake atazoloŵera kale dongosolo la zoluka. Chimene sitimachita ife aphunzitsi ndicho kumsonyeza kuti dongosololo lili ndi manambala.

Kalukidwe kake

Tisanayambe ntchito timagwirizana ndi ana pa mawu. Mabuku a malukidwe ndi a Chingerezi, ndipo ngakhale eni ake sagwirizana: chimene a ku Britain amati treble a ku America amati double crochet, kotero mphunzitsi woŵerenga malangizo ayambe wadziŵa dziko limene bukulo lidachokera. Ife m'kalasi timagwiritsa ntchito mawu asanu amene mwana angawaone ndi maso. Unyolo, umene amayi ambiri amati tcheni, ndiwo mndandanda wa mfundo zokolekanakolekana. Mzati umapangika motere: ukulunga ulusi kamodzi pa ngoŵe, uloŵetsa ngoŵeyo m'nsalu ndi kukoŵa ulusi, pa ngoŵe pakhala zingwe zitatu, ukoŵanso ulusi ndi kuudutsitsa pa ziŵiri, kenaka pa ziŵiri zotsalazo. Mizati itatu yoimikidwa pamalo amodzi timaitcha tsango. Mpata wotsala pakati pa matsango aŵiri timautcha diso, kubwereka mawu a asodzi. Mawu achisanu ndi ngodya.

Sikweya imayambira pa kamphete kakang'ono, pamene rekitango imayambira pa unyolo wautali. Woluka amaika matsango motsata mbali imodzi ya unyolowo, aika tsango limodzi kumapeto, atembenuka ndi kubwerera mbali inayo, aikanso tsango limodzi kumapeto enawo, ndi kulumikiza pamene adayambira. Umenewo ndi mzere woyamba. M'mizere yonse yotsatira lamulo ndi limodzi: m'diso lililonse muloŵe tsango limodzi, koma m'diso la pangodya muloŵe matsango aŵiri olekanitsidwa ndi mfundo ziŵiri za unyolo. Palibenso china. Mwana wa Sitandade 6 amaligwira lamuloli m'maphunziro atatu kapena anayi. Koma m'lamulo lophwekali muli chinthu chimene mphunzitsi ayenera kuchimvetsa yekha asanaime pamaso pa ana. Mbali yokhala ndi matsango 5 ili ndi maso 4 pakati pake. Maso anayiwo alandira matsango 4, ndipo ngodya ziŵiri za kumapeto zipereka limodzilimodzi. Onse pamodzi akhala 6. Motero mzere uliwonse umaonjezera tsango limodzi ku mbali iliyonse, yaitali ndi yaifupi yomwe, ndipo mzere wonse umakula ndi matsango 4.

Funso la unyolo woyamba

Funso limene timapatsa ophunzira athu kuti akalifunse m'Sitandade 7 ndi ili: "Mayi wina akufuna shawelo ya khanda, masentimita 120 m'litali ndi 90 m'lifupi. Kodi unyolo woyambira utalike bwanji?" M'makalasi onse amene tidakhalapo, mayankho amagaŵika paŵiri. Ana ambiri amati unyolo ukhale masentimita 120, popeza umenewo ndiwo utali wa shawelo. Ena, makamaka amene amakhoza Masamu a pa bolodi, amaona kuti 120 ndi 90 ali monga 4 ndi 3, tsono amati tiyambe ndi kansalu kakang'ono kooneka ngati shaweloyo, ndipo kazingokula. Mayankho onse aŵiri ali ndi nzeru, ndipo onse ngolakwa. Apa ndi pamene timapempha mphunzitsi kuti adzigwire. Chilakolako chonena yankho chimakhala chachikulu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Agaŵe anawo m'magulu, gulu lililonse liyambe ndi unyolo wa utali wakewake, ndipo pa bolodi ajambule mizere itatu: nambala ya mzere, matsango a mbali yaitali, ndi matsango a mbali yaifupi. Gulu likatsiriza mzere, litume mmodzi kukalemba.

Pakatha masabata aŵiri bolodi limayamba kulankhula. Gulu loyamba ndi matsango 11 m'litali lalemba 11 ndi 1, 12 ndi 2, 13 ndi 3, 14 ndi 4, 15 ndi 5. Gulu loyamba ndi matsango 6 lalemba 6 ndi 1, 7 ndi 2, 8 ndi 3. Pa sukulu ina ya kufupi ndi Malombe, mtsikana wina amene ankakhala kumbuyo, amene m'buku la malikisi dzina lake linali m'munsi pa Masamu, adayang'anitsitsa bolodi natukula dzanja. Adati: "Aphunzitsi, kansalu kathu kakukula, koma mbali yaitali ikupambana yaifupi ndi khumi nthaŵi zonse. Khumi limeneli ndi unyolo uja tidayambira." Wophunzira wathu adamfunsa kuti: "Nanga shawelo ya mayi uja, mbali yaitali ikupambana yaifupi ndi zingati?" Kalasi idakhala chete kanthaŵi, kenaka mawu adamveka uku ndi uku akuti 30. Palibe amene adawapatsa lamulo loti aloŵeze pamtima. Adalipeza okha: unyolo woyamba ndiwo kusiyana kwa m'litali ndi m'lifupi.

Zotsatira zake ana amaziŵerengera mosavuta. Ulusi wathu ukakhala wakuti mzere uliwonse ukuonjezera masentimita 3 m'lifupi, pafunika mizere 30 kuti tifike pa 90. Amene adayamba ndi unyolo wa 120 akadatha ndi nsalu ya masentimita 210 m'litali, yoyenera kufunda munthu wamkulu wamtali. Amene adayamba ndi kusiyana kwa tsango limodzi akadafika pa matsango 31 ndi 30, nsalu imene diso silingaisiyanitse ndi sikweya. Koma amene adayamba ndi masentimita 30 amaona chinthu chodabwitsa m'manja mwawo. Pa mzere woyamba kansaluko n'kowonda ngati lamba, matsango 11 ndi 1. Pa mzere wa 5 kali 15 ndi 5, utali kuŵirikiza katatu. Pa mzere wa 10 kali 20 ndi 10, kuŵirikiza kaŵiri. Pa mzere wa 20 kali 30 ndi 20, ndipo pa mzere wa 30 kafika 40 ndi 30, ndiyo 4 ndi 3 ija ankaifuna anzawo. Kusiyana kwaima pamodzi, maonekedwe akusintha mzere ndi mzere. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 7 akudziŵa m'mene ana amasokonezera kuchotsera ndi kufanizira manambala aŵiri. Apa zinthu ziŵirizo zalekana poyera, mwana atazigwira ndi zala.

Funso lachiŵiri limabwera lokha ulusi ukayamba kuchepa. Pa mzere wa 15 ana amakondwera kuti afika pakati. Timawauza kuti aŵerenge matsango. Mzere woyamba uli ndi 24, wachiŵiri 28, wachitatu 32, ndipo wa 30 udzakhala ndi 140. Akaphatikiza mizere 15 yoyamba amapeza matsango 780. Akaphatikiza yonse 30 amapeza 2,460. Tsono pamene ankayesa kuti ali pakati, sadafike ndi pa gawo limodzi la magawo atatu. Mayi amene wathera mipukutu iŵiri pa mizere 15 asagule ina iŵiri yokha. Afunika inayi ndi kapadera. Apa mwana wakumana ndi kusiyana kwa kuzungulira kwa chinthu ndi kukula kwa malo ake, mutu umene umagwetsa ambiri pa mayeso a Sitandade 8. Mzere umodzi ndiwo kuzungulira. Mizere yonse pamodzi ndiyo malo. Tidamva mnyamata wina akufotokozera mnzake kuti zili monga khoka: chingwe ukachitalikitsa kaŵiri, madzi amene wazinga sakula kaŵiri kokha. Fanizo limeneli silidachokere kwa ife.

Ngodya nazo zili ndi phunziro lake. Mwana akaiŵala kuika matsango aŵiri pangodya, nsalu imasoŵa pofutukukira ndipo imapindika ngati lichero. Akaika ochuluka, mphepete imachita mafunde ngati nyanja pa tsiku la mwera. Nsalu imagona bwino pa tebulo pokhapokha mzere uliwonse ukakula ndi matsango 4, osachepera osapitirira. Ubwino wake ngwakuti cholakwa chimadziulula chokha. Mphunzitsi safunika cholembera chofiira, ndipo mwana amamasula mzerewo ndi kuyambiranso popanda manyazi, pakuti ulusi sutayika. Tisayese kuti mafunde ameneŵa ndi nkhani ya ana okha. Mu 1997 katswiri wa Masamu wochokera ku Latvia, Daina Taimina, akuphunzitsa pa yunivesite ya Cornell ku America, adaluka ndi ngoŵe nsalu yoonjezera mfundo mwadala pa mlingo wokhazikika, kuti ophunzira ake agwire ndi manja maonekedwe amene akatswiri ankavutika kuwasonyeza ndi mapepala. Ngati ngoŵe idaloŵa m'chipinda cha yunivesite, ife tilibe chifukwa choichitira manyazi m'Sitandade 7.

Zipangizo ndi kalasi yodzaza

Dandaulo loyamba la aphunzitsi ndi lakuti zipangizo palibe. N'zoona kuti ulusi wa m'sitolo ngwokwera mtengo, ndipo sitingauze makolo a ana 90 kuti agule. Koma malukidwe a agogo adabadwira m'kusoŵa. Juzi yakale ya pa kaunjika, yobooka m'zigongono, yosagulika, ili ndi ulusi wokwanira gulu lonse. Ana aiphwasule kuyambira m'misoko, akulunge ulusiwo pa msana wa mpando, aumange m'malo anayi, auviike m'madzi ndi kuupachika pamthunzi atamangirira kamwala kumunsi, kuti kupotana kuthe. Asankhe majuzi a ulusi wofanana kunenepa, popeza woonda ndi wonenepa zikasakanizika mbali imodzi imakoka inzake. Ngoŵe timasema ndi nsungwi youma, yotalika ngati pensulo, yonenepa pafupifupi mamilimita 4, ndipo timaisalaza ndi mchenga kuti isamakole ulusi. Ena amapanga ndi sipoko ya njinga, koma imeneyi ndi yoonda, yoyenera ulusi wa madoilo, ndipo kwa ana aang'ono ndi yoopsa. Kusema ngoŵe kukhale phunziro loyamba, ndipo mwana aliyense alembe dzina pa yake. Tidaona kuti mwana sataya msanga chida chimene wasema yekha.

Dandaulo lachiŵiri ndi kuchuluka kwa ana. Mphunzitsi mmodzi sangagwire manja a ana 90, ndipo ngoŵe yaing'ono siioneka kwa okhala kumbuyo. Njira imene timalangiza ndi iyi. Posonyeza kalasi yonse, mphunzitsi agwiritse chingwe chonenepa ndi ngoŵe yaikulu ngati mthiko, kuti mzati umodzi uoneke patali. Kenaka afufuze amene akudziŵa kale. M'kalasi iliyonse samasoŵa asanu kapena khumi amene adaphunzira kwa amayi awo. Ameneŵa akhale atsogoleri a magulu, ndipo ngati mwa iwo muli amene satchulidwa pa maphunziro ena, ndi bwino koposa. Mutu umodzi susenza denga. Mwana wamanzere asakakamizidwe kusintha dzanja. Akhale moyang'anana ndi womphunzitsayo, natsanzire monga akuona m'kalirole, ndipo nsalu yake idzazungulira mbali inayo popanda vuto. Komanso asaletsedwe ana kufotokozerana m'Chiyao kapena m'Chicheŵa pamene akuluka. Ambiri m'bomali amalankhula Chiyao kwawo, ndipo mwana akamvetsa chinthu m'chilankhulo cha amake, mawu a Chingerezi a m'buku amadzapeza pokhala.

Za anyamata timamva kaŵirikaŵiri kuti sangalole. M'sabata yoyamba amakanadi, ena amabisa manja m'matumba, ena amaseka. Wophunzira wathu wina adaitana mkulu wina wokonza maukonde kuti adzakhale pakhonde la kalasi ndi chigamba chake. Mkuluyo sadalankhule zambiri. Adaonerera mtsikana akuluka, natenga ngoŵe, nayesa, nati: "Adzukulu, izi n'zomwe zija za pa ukonde, kungoti maso ake ngaang'ono." Kuyambira tsikulo kuseka kudatha. M'dera limene amuna amaluka mikeka, madengu ndi maukonde, ndiponso amavala mizuli yoluka popita ku mzikiti, kunena kuti kuluka n'kwa akazi ndi maganizo obwereka. Mnyamata amene safuna shawelo aluke kachikwama ka foni, kamene ndi rekitango yopindidwa paŵiri, ndipo aŵerengere yekha unyolo wake atayeza foniyo.

Zimene ena amatsutsa

Pali anzathu amene amati kunyanja n'kotentha, bulangete n'lachiyani. Ndiponso kuti zofunda za m'sitolo n'zotsika mtengo kuposa zoluka. Amene adagonapo kugombe mwezi wa June kapena July mwera ukuomba, kapena ku Namwera nthaŵi yomweyo, sangafunse funso loyambalo. Ndipo khanda limazizidwa msanga ngakhale akulu akumva kutentha, makamaka lobadwa masiku osakwana. Chichokereni 1999, pamene njira yofungatira khanda pachifuwa cha mayi, yotchedwa kangaroo, idayamba pa chipatala chachikulu cha ku Zomba, anamwino akhala akulangiza kuti makanda otere azivala kachipeŵa ndi kufunda bwino. Funso la mtengo ndi lolemera, ndipo timalipereka kwa anawo. Tiyerekeze kuti woluka wozoloŵera amatha tsango limodzi pa theka la mphindi. Matsango 2,460 amutengera mphindi 1,230, ndiwo maola 20 ndi theka. Aonjezerepo mtengo wa ulusi, ndipo afunse kuti shaweloyo angaigulitse zingati pa msika. Ana ena amapeza kuti phindu n'lochepa, ndipo kupeza kumeneku n'kwabwino. Amayi ambiri amagulitsa madoilo osaŵerengera nthaŵi yawo, chonsecho ntchito imeneyi ndi ya manja okha, popeza makina a m'mafakitale amaluka majuzi koma saluka ndi ngoŵe. Mwana amene wadziŵa kuika mtengo pa thukuta lake sadzapusitsidwa msanga, kaya pa nsalu, kaya pa usipa.

Ena amatsutsa mozama. Amati phunziro la singano lidakhazikitsidwa pofuna kukonzera atsikana ukwati, ndipo kulidzutsanso m'boma limene atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira ndiko kuwakankhira kukhitchini. Mantha ameneŵa sitikuwapeputsa. Tonse tikudziŵa kuti m'sukulu zambiri za kuno Sitandade 1 imasefukira pamene Sitandade 8 ili ndi mabenchi opanda anthu; atsikana akwatiwa, anyamata ali pa bwato kapena ali pa ulendo wa ku Joni. Lamulo lilipo: kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti munthu asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Koma lamulo limangotsegula chitseko. Chimene chimasunga mwana m'kalasi ndi kukhulupirira kuti mutu wake ukugwira ntchito, ndipo mwana amene wauzidwa zaka zisanu ndi chimodzi kuti Masamu si ake amachoka mumtima kale thupi lisanachoke. Sitikunena kuti ngoŵe ithetsa maukwati a ana. Tikunena kuti kuluka kophunzitsidwa mwa kutsanzira kokha, kwa atsikana okha, ndiko kuyenera kuopedwa; pamene kuluka kokhala ndi funso, bolodi la manambala ndi anyamata pambali kumapatsa mtsikana wa kumbuyo uja mpata woti kalasi yonse imve kuti iye ndiye waona choyamba. Chinthu chotere mwana sachiiŵala.

Rekitangoyi ili ndi mawu kwa ifenso aphunzitsi. Taona kuti mizere yofanana, ngakhale ichuluke bwanji, siichotsa kusiyana kumene kudaikidwa pa unyolo woyamba. Imangokubisa kuti diso lisakuone. Ana athu nawo sayamba mofanana. Wina wafika Sitandade 1 akumva kale chilankhulo cha mphunzitsi, wina akuchimva koyamba. Wina wayamba ndi zaka 6, wina ndi 10. Wina amajomba nthaŵi imene usipa wachuluka. Tikawapatsa onse phunziro limodzi, chaka ndi chaka, onse amakula ndithu, ndipo ife timadzitonthoza kuti tachita chilungamo, koma mpata uja ulipobe ndipo udzaonekera pa mayeso. Woluka amene afuna kuti rekitango yake ifanane mbali zonse amadziŵa chochita: amasiya kuzungulira, naluka mizere yapadera yokulitsa kumene kwachepako. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo n'chifukwa chake timadandaula tikaona mphunzitsi waluso akuikidwa m'Sitandade 8 nthaŵi zonse, Sitandade 1 ndi kusiyidwa kwa aliyense amene wapezeka.

Tsono pempho lathu kwa ophunzira amene akupita kukayesera kuphunzitsa ndi lakuti aliyense anyamule ngoŵe yosema yekha ndi rekitango imodzi yoluka yekha, ya mizere yosachepera 10, pamodzi ndi pepala la manambala ake. Poyesa ntchito ya mwana asayang'ane kukongola kwa mitundu kokha. Aigoneke nsaluyo pa tebulo aone ngati yagona. Aŵerenge matsango a mbali ziŵiri zoyang'anana aone ngati akufanana. Ndipo amfunse mwiniwakeyo kuti akadafuna chofunda cha pa bedi cha masentimita 190 ndi 130 akadayamba ndi unyolo wotalika bwanji. Mwana akayankha kuti 60 ndi kufotokoza chifukwa chake, phunzirolo lakhoza, ngakhale mizati yake ikhale yopendekeka. Kwa aphunzitsi aakulu pempho lathu ndi limodzi lokha: nthaŵi ya ntchito zamanja ilekereni ntchito zamanja. Bwalo lingasesedwe m'maŵa belu lisanalire.